Madzi Saiŵala Khwaŵa: Nyumba ndi Munda wa Villa d'Este

Nkhani ya lero ikuchokera m'dziko la Italy, pa phiri limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuvuma kwa mzinda wa Roma. Paphiripo pali tauni yakale yotchedwa Tivoli, ndipo chakumapeto kwa tauniyo, pamene phiri liyamba kutsetsereka, pali nyumba ndi munda zodziŵika ndi dzina lakuti Villa d'Este. M'chinenero cha kumeneko mau akuti villa amanena nyumba yakumudzi ya munthu wachuma, kumene mwini wake amathaŵirako phokoso ndi kutentha kwa mumzinda. Nyumba zotere zilipo zambiri ku Italy, koma iyi idatchuka chifukwa cha madzi. Mlendo amayamba kumva mkokomo wake asanaone kasupe ngakhale mmodzi, ndipo akafunsa za makina opopera madziwo, amauzidwa kuti amisiri amene adakonza mundawo zaka zoposa 450 zapitazo sadaikemo makina otero.

Mbiri ya malo ameneŵa ndi ya munthu amene adafunitsitsa chinthu chimodzi moyo wake wonse osachipeza, nasandutsa kukhumudwa kwake kukhala munda. Ndi mbirinso ya anthu a m'tauni amene adasenza mtolo wa mundawo osafunsidwa, ndiponso ya amisiri amene akhala akuusunga wamoyo kuchokera pa nthaŵi imeneyo.

Mwana wa mafumu

Mwini wake woyamba adali Ippolito d'Este, amene adabadwira mu mzinda wa Ferrara m'chaka cha 1509. Atate ake, Alfonso, ndiwo ankalamulira dera la Ferrara, ndipo mai ake, Lucrezia Borgia, adali mwana wa Papa Alexander VI. Popeza Ippolito adali ndi mkulu wake, mpando wa atate ake sukadamgwera iye. Mwambo wa mabanja achifumu a masiku amenewo udali wakuti mwana wotere aloŵe ntchito ya Mpingo, ndipo ali ndi zaka 10 zokha adapatsidwa udindo wa Arkiepiskopi wa mzinda wa Milan. Atakula adakhala nthaŵi yaitali ku France, m'bwalo la Mfumu Francis I, kumene adapatsidwa maudindo ena a Mpingo obweretsa chuma chochuluka, monga wa Arkiepiskopi wa Lyon. M'chaka cha 1539 adavala chipeŵa chofiira cha ukadinala.

Pamwamba pa ukadinala pali mpando umodzi wokha, ndipo mtima wa Ippolito udali pa mpando umenewo. Adakhala nawo pa chisankho cha Papa chimene chidayamba mu 1549, pa zisankho ziŵiri za mu 1555, pa cha mu 1559, cha mu 1565 ndi cha mu 1572. Mafumu a ku France ankamkankhira kutsogolo, koma chifukwa cha ubwenzi womwewo mafumu a banja la Habsburg, amene ankalamulira Spain ndi maiko ena, ankamtsekera njira. Komanso nyengo idali itasintha. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Trent, umene udachitika pakati pa 1545 ndi 1563, unkadzudzula atsogoleri okhala ndi maudindo ambiri nthaŵi imodzi ndi okonda moyo wamanyado. Ippolito adali chitsanzo chenicheni cha zimene ankazidzudzulazo.

M'chaka cha 1550 adakhala bwanamkubwa wa Tivoli, naloŵa m'tauniyo pa 9 Sepitembala. Anthu adamlandira ndi chimwemwe, koma nyumba imene adampatsa idali nyumba yakale ya amonke, yogundana ndi tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, ndipo kwa munthu wozoloŵera mabwalo a mafumu idaoneka yosayenera. Kumbuyo kwake kudali chigwa chotsetsereka, chokhala ndi nyumba za anthu, madimba ndi minda ya mpesa. Kadinalayo adayamba kugula malo m'chigwamo, koma ntchito idachedwa, pakuti mu 1555 Papa Paul IV adamchotsa pa udindo pomneneza kuti ankafuna kugula mavoti pa chisankho. Adabwerera Papayo atamwalira mu 1559, ndipo ntchito yeniyeni idayamba mu 1560.

Kuŵeta mtsinje

Munthu amene adaganiza za maonekedwe a mundawo adali Pirro Ligorio wa ku Naples, katswiri wa zomangamanga ndiponso wofufuza zinthu zakale. Tivoli adali malo omuyenera. Aroma akale ankaitcha tauniyo Tibur, ndipo olemera ao ankamangako nyumba zopumuliramo. Kunsi kwa phiri kuli mabwinja a nyumba ya Mfumu Hadrian, amene adalamulira kuyambira chaka cha 117 mpaka 138, ndipo mabwinjawo ndi aakulu kuposa mahekitala 100. Ligorio adakumba m'mabwinjamo, naphunzira m'mene akale ankayendetsera madzi pakati pa nyumba zao. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku padali Alberto Galvani woyang'anira zomanga, Tommaso Ghinucci wodziŵa za ngalande, ndi Curzio Maccarone womanga akasupe.

Vuto loyamba lidali phiri lenilenilo. Lidali lotsetsereka mopendekera mbali ziŵiri, kotero kuti anthu adayenera kukumba kwina ndi kukwirira kwina, kumanga zipupa zochirikiza dothi, mpaka malo onse a mahekitala anai ndi theka adasanduka makwerero aakulu otsika kuchokera panyumba kufika kunsi. Vuto lachiŵiri lidali madzi. Poyamba adakoka madzi a kasupe wa Rivellese kuchokera kumapiri, nawasunga m'zitsime zomangidwa pafupi ndi nyumba. Madziwo adapereŵera. Tsono pakati pa 1564 ndi 1565 adaboola ngalande ya pansi pa nthaka, yaitali mamita pafupifupi 600, yodutsa kunsi kwa tauni, napatutsiramo gawo la mtsinje wa Aniene.

Chinsinsi cha akasupe onse a m'mundamo ndi chapafupi, ndipo aliyense amene adaonapo mpope wotsitsa madzi kuchokera kuphiri akuchidziŵa. Madzi otsekeredwa mu mpope amafuna kubwerera pa msinkhu wa pamene adachokera. Akachokera pamwamba kwambiri, natulukira pa kaboo kakang'ono kunsi, amathamangira m'mwamba mwamphamvu. Akatulukira pa boo lalikulu amayenda mofatsa. Amisiri a Kadinala adagwiritsa ntchito lamulo limeneli ndi mipope ya mtovu ndi ya dothi lootcha, nayesa bwino kukula kwa mpope uliwonse ndi kutsika kwa malo. Madzi amene agwira ntchito pa kasupe wapamwamba amasonkhanitsidwa, natumizidwa ku kasupe wotsatira, ndipo amatero mpaka kunsi, kotsika mamita oposa 40 kuchokera panyumba. Amene adaŵerenga amati m'mundamo muli akasupe 51, mabeseni amiyala 220, ndi ngalande zotalika mamita 875 zonse pamodzi.

Ulendo wa m'munda

Alendo a masiku ano amaloŵera kumtunda, kudzera m'nyumba, koma alendo a Kadinala ankaloŵera pa chipata cha kunsi. Ligorio adachita zimenezi dala. Munthu akaima pachipatapo ankaona nyumba ili m'mwamba patali, ndi njira yolunjika yopita komweko, koma akayamba kukwera njirayo inkampatutsa, uku kumanja uku kumanzere, kuti aone zodabwitsa chimodzichimodzi. Mundawo ndi wa mitengo yobiriŵira chaka chonse, miyala ndi madzi, ndipo maluŵa ali ndi malo ochepa chabe.

Choyamba mlendo amapeza maiŵe atatu aakulu a ngodya zinai, a madzi odekha, m'mene ankaŵetamo nsomba za patebulo la Kadinala. Akakwera makwerero amafika pa Kasupe wa Zinjoka, pamene zinjoka zinai zamiyala zidapatsana misana, ndipo pakati pao madzi amalumpha m'mwamba. Kale kasupe ameneyu ankaphulitsa madzi ndi mpweya momveka ngati mizinga. Kumtunda kwake kuli njira yopingasa, yaitali mamita oposa 100, imene imatchedwa Akasupe 100. M'mbali mwake muli timifuleni titatu tosanjikana, ndipo madzi amatsika kuchokera ku kamodzi kupita ku kanzake kudzera m'kamwa mwa nkhope zosemedwa. Pamwamba pake pali ziombankhanga za banja la Este, maluŵa amene adali chizindikiro cha mafumu a ku France, ndi timabwato tamiyala. Lero zonsezi zidakutidwa ndi ndere ndi zomera za m'madzi, kotero kuti nkhope zina zimangooneka kamwa lokha.

Njira imeneyi ili ndi tanthauzo. Kumapeto kwake kumodzi kuli kasupe wamkulu wozungulira ngati dzira, woimira Tivoli ndi mapiri ake. Pamenepo madzi amagwa ngati nsalu yotambasuka, ndipo pamwamba pakhala chifanizo cha mlosi wamkazi amene Aroma ankati adakhala ku Tibur. Kumapeto kwinako kuli malo otchedwa Rometta, kutanthauza Roma wamng'ono. Amisiri adamangapo timanyumba toyerekeza akachisi ndi zipata za mzinda wakale, chifanizo cha mmbulu woyamwitsa mapasa aja Romulus ndi Remus, ndi bwato lamiyala loimira chilumba cha pa mtsinje wa Tiber. Motero madzi amachokera ku Tivoli woyerekeza, nayenda m'timifuleni titatu toimira mitsinje ya m'deralo, nakathera ku Roma woyerekeza, monga momwe mitsinje yeniyeni ichitira kunja kwa mpanda. Roma wamng'onoyo adamangidwa kumbali yoyang'ana ku Roma weniweni. Munthu amene adakanizidwa mzinda waukulu adadzimangira wake m'munda, woti aziuona ali pakhonde.

Limba loimbidwa ndi madzi

Chimene chidazunguza mitu ya alendo koposa zonse ndi Kasupe wa Limba. Amisiri aŵiri a ku France, Luc Leclerc ndi Claude Venard, ndiwo adalikonza, ndipo lidatha mu 1571. Limba la m'tchalitchi limafuna munthu wopopa mpweya ndi wina woliza. Limba la ku Tivoli lidalibe onse aŵiri. Madzi ankagwera mu mpope woimirira ali kuzungulira, nakokera mpweya pansi pamodzi nawo, monga achitira madzi a pa mathithi. Akafika m'chipinda chotsekedwa, madzi ankatsikira pansi, mpweya nutsalira pamwamba uli wopanikizika, ndipo njira yokha yotulukira idali ya m'zitoliro za limba. Madzi omwewo potuluka ankazunguza gudumu, gudumulo nkumazunguza chimtengo chozungulira chokhomedwa mano, ndipo dzino lililonse linkatsegula chitoliro chake pa nthaŵi yake. Anthu amasimba kuti Papa Gregory XIII atamva nyimboyo adafuna kuona m'kati, kuti atsimikize kuti simudabisale munthu.

Padalinso Kasupe wa Kadzidzi. Timbalame tamkuwa tinkakhala pa nthambi, nkumalira ndi mpweya wokankhidwa ndi madzi. Kenaka kadzidzi wopangidwa ankatembenuka kuyang'ana timbalameto, ndipo tonse tinkangoti zii, mpaka kadzidziyo atabisikanso. Nzeru imeneyi adaitenga m'mabuku a Hero wa ku Alexandria, katswiri amene adakhalako zaka pafupifupi 1,500 iwo asanabadwe. Mlembi wa ku France, Michel de Montaigne, adafika ku Tivoli mu 1581, nalongosola m'buku la ulendo wake m'mene limba ndi timbalame zinkagwirira ntchito, ndi utawaleza umene unkaoneka m'nthunzi ya akasupe.

Nyimbo za anthu zidaliponso. Giovanni Pierluigi da Palestrina, mmodzi mwa opeka nyimbo za m'tchalitchi otchuka kwambiri, adatumikira Kadinala ngati mkulu wa oimba kuyambira 1567 mpaka 1571.

Zimene makoma amanena

M'nyumbamo Kadinala adaitana akatswiri ojambula, monga Girolamo Muziano, Livio Agresti, Cesare Nebbia ndi Federico Zuccari, aliyense ndi gulu la omthandiza. Ankajambula pakhoma pulasitala akali wamuŵisi, kuti utoto uloŵerere ndi kuuma pamodzi naye. Njira imeneyi siilola ulesi, chifukwa mmisiri amayenera kumata malo okhawo amene angathe kuŵajambula tsiku lomwelo.

Zipinda za m'munsi zidandandalikana, china kutsegukira ku chinzake, ndipo chilichonse chili ndi nkhani yake. Ziŵiri zimasimba za chiyambi cha Tivoli. China chimaonetsa ntchito za Hercules, ngwazi ya m'nthano za Agriki, amene a banja la Este ankati ndi kholo lao. M'nthanomo Hercules adakatenga zipatso zagolide m'munda wolondedwa ndi chinjoka chosagona tulo, ndipo n'chifukwa chake chizindikiro cha Kadinala chidali chiombankhanga choyera chogwira nthambi ya zipatso zagolide, ndipo n'chifukwa chakenso pakati pa munda pali zinjoka. Nthano ina imati Hercules ali mnyamata adafika pa mphambano, nayenera kusankha pakati pa njira yofeŵa ya zokondweretsa thupi ndi njira yolimba ya khalidwe labwino. Akatswiri a mbiri amati mlendo wa m'mundamo ankaikidwa pa mphambano yomweyo, pakuti njira ina inkapita ku phanga la Venus, mulungu wamkazi wa chikondi, ndipo ina, yokwera kwambiri, inkapita ku phanga la Diana, mulungu wamkazi wa kudzisunga.

Zipinda zina ziŵiri zidatenga nkhani za m'Malembo Oyera. M'chimodzi muli Nowa atatuluka m'chombo chigumula chitatha, ndipo m'chinzake muli Mose akumenya thanthwe kuti anthu amwe. Mlendo wochenjera sankafunika womasulira. Mwini nyumba ankadziika pa mzere wa anthu amene madzi adaŵamvera. Ena angadabwe kuti mtsogoleri wa Mpingo adadzaza nyumba yake ndi milungu yachikunja pambali pa aneneri. Ophunzira a nthaŵi imeneyo ankaŵerenga nthano zakale ngati mafanizo a makhalidwe, koma si onse adakondwera nazo. Chifanizo cha Diana wa Aefeso, yemwe uja atchulidwa m'buku la Machitidwe a Atumwi, poyamba chidaima pa Kasupe wa Limba, madzi akutuluka m'maŵere ake ambirimbiri. Mu 1611 adachichotsapo, nakachiika pa khoma la kunsi kwa munda, kumene chili mpaka lero.

Amene adalipira

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chigwa chimene chidasanduka munda chidali ndi eni ake. Kuti makwerero aja alunjike, nyumba za anthu zidagwetsedwa, misewu ina idatsekedwa, ndipo amene sadafune kugulitsa malo ao adakakamizidwa, pakuti wogulayo adalinso bwanamkubwa wa tauni. Anthu a ku Tivoli adakasuma milandu ingapo, koma ntchito siidaime. Mtsinje umene udapatutsidwa udali womwewo umene anthu ankadalira pa zigayo ndi madimba ao. Miyala ya mabo ndi ziboliboli zambiri zidazulidwa ku mabwinja a Hadrian ndi ku malo ena akale, kotero kuti nyumba ina idakongola pamene inzake inkasanduka chigoba. Ndipo ndalama zambiri zolipirira zonsezi zidachokera ku madayosizi ndi nyumba za amonke zakutali, kumene Kadinalayo ankalandirako chuma osakhalako.

Iye mwini sadadyerere nthaŵi yaitali. M'mwezi wa Meyi 1572 makadinala adasankha Ugo Boncompagni kukhala Papa Gregory XIII, ndipo mwai wotsiriza wa Ippolito udatha. M'mwezi wa Sepitembala Papa watsopanoyo adabwera kudzacheza ku Tivoli. Chizindikiro cha banja lake chidali chinjoka, ndipo Kasupe wa Zinjoka adakhala ngati malonje ake. Kadinala adalandira mlendo wake mwaulemerero, ali wodwala ndiponso ali ndi ngongole. Pa 2 Disembala chaka chomwecho adamwalira ku Roma, ndipo adaikidwa m'tchalitchi chogundana ndi nyumba yake ku Tivoli. Chithunzi chotchuka chimene Étienne Dupérac adasindikiza mu 1573 chimaonetsa munda wathunthu monga adaufunira mwini wake, koma zina za pachithunzipo sizidamangidwe konse. Montaigne pofika adapeza ntchito ili chiimire.

Kufa ndi kuuka kwa akasupe

Nyumba yamiyala ingathe kukhala zaka zambiri popanda woisamala, koma munda wamadzi sutero. Madzi a Aniene ali ndi njereza yambiri. Njereza yomweyo ndiyo idaumba mwala wa travertine umene umakumbidwa kunsi kwa Tivoli, mwala umene adamangira Colosseum ndi tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. M'mipope njerezayo imamatirira pang'onopang'ono mpaka boo litatsekeka. Masamba amadzaza ngalande, mizu ya mitengo imang'amba zipupa, ndipo chitoliro cha limba chimene chimakhala pachinyezi usana ndi usiku sichichedwa kuwonongeka.

Pamene a banja la Este adali ndi chuma ndi chidwi, munda udakhala moyo. Kadinala Alessandro d'Este adayamba kukonzanso zowonongeka mu 1605, ndipo pakati pa 1660 ndi 1661 katswiri wosema Gian Lorenzo Bernini adaonjezapo kasupe wooneka ngati chikho chachikulu chokhazikidwa m'chigoba cha nkhono. Koma m'zaka za m'ma 1700 eni ake ankakhala kutali, ku Modena, ndipo ankaona nyumbayo ngati dzenje lomeza ndalama. Ziboliboli zakale zidagulitsidwa. Zina adagula ndi Papa Benedict XIV mu 1753, ndipo zili m'nyumba yosungiramo zakale ya Capitoline ku Roma. Akasupe adauma mmodzimmodzi, limba lidakhala chete, ndipo thengo lidaloŵa m'njira. Pambuyo pake, kudzera mu ukwati wa Maria Beatrice d'Este, nyumbayo idagwera m'manja mwa banja la Habsburg, lomwe lija lidatsekereza Ippolito njira ya ku upapa.

Chodabwitsa n'chakuti bwinjalo lidakopa anthu a mtundu wina. Cha m'ma 1760 ojambula aŵiri a ku France, Jean-Honoré Fragonard ndi Hubert Robert, adajambula makwerero ogumuka ndi mitengo yaitali ya mtundu wa mkungudza imene idakula popanda woisadza, ndipo zithunzi zotere zidapititsa mbiri ya mundawo kutali. Dzina la Tivoli lidafika pomveka ngati dzina la malo achisangalalo, kotero kuti minda ina yosangalaliramo anthu ku Paris idatchedwa dzina lomweli, ndipo mu 1843 mzinda wa Copenhagen udatsegula Tivoli wakewake.

Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Kadinala Gustav von Hohenlohe wa ku Germany adaloledwa kukhala m'nyumbamo, nayamba kukonza zimene akadatha. Mmodzi mwa alendo ake adali Franz Liszt, katswiri wa piyano wa ku Hungary, amene ankabwerako kaŵirikaŵiri m'zaka 20 zotsiriza za moyo wake. Mu 1877 Liszt adapeka nyimbo za piyano zonena za mikungudza ya m'mundamo, ndi ina yotchedwa Les jeux d'eaux à la Villa d'Este, kutanthauza maseŵera a madzi a pa Villa d'Este. M'nyimbo imeneyi zala za woimba zimathamanga pa mau aang'ono apamwamba monga madontho ogwera m'beseni, ndipo opeka nyimbo a pambuyo pake adaphunzirapo njira yoyerekezera madzi pa piyano.

Mwa eni ake otsiriza a banja la Habsburg mudali Franz Ferdinand, amene kuphedwa kwake ku Sarajevo mu 1914 kudabutsa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Nkhondoyo itatha nyumbayo idakhala ya boma la Italy, ndipo m'zaka za m'ma 1920 idakonzedwa ndi kutsegulidwa kwa anthu onse. Pa nthaŵi imeneyo Attilio Rossi adamanga Kasupe wa Neptune kunsi kwa Kasupe wa Limba, ndipo ameneyu, ngakhale ali wamng'ono pa zaka, ndiye amaoneka kwambiri pa zithunzi. Mu 1944 mabomba a Nkhondo Yachiŵiri adawononga mbali ina, ndipo amisiri adayambanso ntchito. Mu 2001 bungwe la UNESCO lidalemba Villa d'Este m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2003 limba lija, litapangidwanso mwatsopano motsata nzeru yakale, lidamvekanso.

Chotsalira

Pa mndandanda wa Apapa dzina la Ippolito d'Este palibe. Chimene chidasunga dzina lake ndi ntchito imene iye adaiyamba podzitonthoza, ndipo ntchitoyo idapangidwa ndi manja a anthu ena: okumba ngalande kunsi kwa tauni ndi nyale m'manja, osenza dothi, osula mipope, osema miyala. Ambiri mwa iwo maina ao sadalembedwe paliponse. Zaka zoposa 100 za kuuma kwa akasupe zidaonetsa poyera kuti ulemerero wa malowo sudali mwa mwini wake, ngakhale m'miyala, koma mwa munthu wodzuka m'maŵa kukapala njereza mu mpope ndi kuchotsa masamba pa sefa. Ntchito imeneyi ikuchitikabe, ndipo ikadzalekeka munda udzakhalanso chete monga udachitira kale.

Nkhani ya chilungamo nayo idatenga njira yake, ngakhale mochedwa. Chigwa chimene chidalandidwa kwa anthu a ku Tivoli kuti chikondweretse munthu mmodzi ndi alendo ake, tsopano ndi cha boma, ndipo zidzukulu za ogwetseredwa nyumba aja zingathe kuloŵamo monga wina aliyense. Alendo ochokera m'maiko ambiri amene amabwera kudzaona akasupe amasiya ndalama m'masitolo ndi m'nyumba zodyera za m'tauniyo. Izi sizifafaniza cholakwa cha m'zaka za m'ma 1560, pakuti amene adataya nyumba zao adamwalira osaona phindu lake.

Ndipo madzi saiŵala khwaŵa. Akatha kulumpha pakati pa zinjoka, kuimba m'limba ndi kupuma m'maiŵe a nsomba, amatuluka kunsi kwa mpanda, nabwerera ku Aniene kumene adabwerekedwa. Kuchokera pamenepo amatsika m'chigwa, nakathira mu mtsinje wa Tiber, ndipo Tiber amaŵatenga kupita nawo pakati pa mzinda wa Roma, kudutsa pafupi ndi tchalitchi cha Petro Woyera.